Sabata Imene Boma Linabwera Kudzaona Gasi Wanga

Lolemba
Tiyi wa m'tiyirumu yanga amawira ndi mpweya wa ndowe. Dzenje la simenti, chimgolo pamwamba, paipi, moto wabuluu. Machinjiri yense amadziwa. Vuto: ng'ombe zatsala ziwiri, ndowe sizikukwana, moto ukuchepa, makasitomala akutopa kudikira. Mwezi ukatha chonchi nditseka. Koma kalata yafika! Lachisanu kubwera bwana wa ku boma, akakhutira andibwereka ng'ombe zina.

Lachiwiri
Atcheyamani a dera lathu amva. Akuti mlendo wa boma safikira pauve. Ndikuvomera, kukana ndingakuyambire pati? Zofunika: laimu, matsache, mbendera, amayi oyimba. Za gasi palibe akufunsa.

Lachitatu
Anthu a atcheyamani akusesa. Mulu wa ndowe umene ndapempha m'makola a eni mpaka ku Chirimba, pa wilibala, akautaya kumtsinje. Miyala yonse yapakidwa laimu, ndi mtengo wa papaya womwe. Kunena zoona pakhomo pakongola ngati pa mishoni. Ndikunyada ndithu.

Lachinayi
Ndapita ku Limbe kukagula buledi wa alendo. Pobwera, dzenje alikapa, alitsuka ndi mankhwala a m'chimbudzi. "Limanunkhatu, achimwene," akutero atcheyamani. Tizilombo topanga gasi, tomwe ndalera ngati ana chaka chathunthu, palibe ndi kamodzi komwe kotsala. Mtima ukuwawa. Ndawathokoza.

Lachisanu
Bwana afika, suti yakuda. Amayi akuvina. Ndikutsegula mpopi, ndikuyatsa machesi. Zii. Wachiwiri, zii. Bokosi lonse latha! Mkazi wanga akuwiritsa tiyi wa alendo kuseri, pa mbaula, utsi akuukupiza ndi chitenje kuti usaoneke. Bwana akusuzumira m'dzenje: "Laukhondo chonchi sindinalionepo." Tonse m'manja.

Loweruka
Mesenjala wabwera ndi yankho, changu chake chodabwitsa. Ng'ombe ayi, poti gasi sanaoneke. Koma m'kalatamo muli satifiketi ya ukhondo. Chidindo chofiira, dzina langa zilembo zikuluzikulu, osalakwitsa pena paliponse.

Lamulungu
Tiyirumu ndatseka. Ng'ombe imodzi abutchala adzaitenga mawa. Mkazi wanga akuti m'dzenjemo tizisungamo madzi, poti layera kale. Sindikutsutsa. Satifiketi ndaipachika pamene panali chitofu, ndipo anansi akubwera kudzaiona pochokera kutchalitchi. Aliyense ndikumuuza ayambe wasamba m'manja.