Kaseti ya ku Peru

Lolemba, 9 Juni 1986
Yafika kalata ya mlongo wanga Lukasi, wansembe kumapiri a ku Peru. Yayenda masabata asanu ndi limodzi. Tchalitchi chake chikusowa belu, makandulo, nsalu ya paguwa, ndi denga lomwe! Pansi walemba kuti, "Mwendo wa amayi uli bwanji? Akhristu anga akuupempherera m'Chisipanishi."
Amayiwo tinawaika mwezi watha ku Dedza. Iye sakudziwa. Maliro a mayi ake munthu sumuuza papepala. Asisitere a parishi yathu kuno ku Buruburu, kudziko la eni, akupita ku Peru komweko Lamulungu. Ndijambula kaseti: nyimbo kaye, kenako ndimuuze ndi pakamwa panga.

Lachiwiri
Mabatire afooka, mawu anga akumveka ngati ng'ombe. Wa pakiosiki akuti, "Hakuna, mama, kesho," ndiye kuti palibe, ndibwere mawa.

Lachitatu
Mabatire apezeka. Azimayi achimalawi abwera kudzaimba, asanu, aliyense wotsogolera nyimbo! Mayi Phiri a kumayadi ku Muthaiga abweretsa kabelu koitanira khukhi wawo kuti kapite kutchalitchi cha Lukasi. "Mulungu si gonthi," akutero. Mbali yoyamba yadzaza, ine sindinanenepo kanthu.

Lachinayi
Ndili ndekha. Ndadina batani, maminibasi aja amati matatu ayamba kuliza hutala panja. Ndayambiranso. Ndamuuza za kuzizira, za ana. Ndafika pa za amayi. Ndalira kaseti ikungozungulira. Kenako ndanena zonse, ndi malo pomwe tawagoneka. Mtima wapepukako.

Lachisanu
Bambo a ana ajambulirapo mpira wa pawailesi! Akuti amayesa kuti mbaliyo ilibe kanthu. Pomwe panali maliro a amayi, mzungu akukuwira chigoli. Tiyi adzipangira okha.

Loweruka
Asisitere akuti sutikesi yadzaza mankhwala. Makandulo amene ndinamugulira Lukasi atsala. Kabelu Mayi Phiri akatenganso, khukhi sakumva kuitana. Kumapeto kwa tepi kwatsala kamphindi. Ndadina, ndapuma, ndipo pakamwa panga patuluka kuti, "Tonse kuno tili bwino." Tepi yathera pomwepo. Manyazi andigwira.

Lamulungu
Kaseti yapita ndi bodza langa. Ndaikulunga m'chitenje chobiriwira chomwe amayi ankavala popita ku Misa, ndauza asisitere kuti ndiyo nsalu ya paguwa. Kakalata sindinaikemo. Chitenje chimenecho amayi sakanachipereka kwa munthu ali moyo, ndipo Lukasi akudziwa zimenezi. Akachimasula yekhayekha, popanda womugwira dzanja.