Droni ya ba Lameki ndi malata anga

Amene akuti ndimanama apite akafunse awa, chifukwa analipo: mwana wanga Lute, mwamuna wake ba Lameki, kalipentala wa ku Chipata komboni, mlamu wanga ba Esinati a ku Kabanana, amene anabwera kudzandipepesa chimanjamanja n'kubwerera atakhuta, ndi ba Yusufu atelala oyandikana nane, munthu wosanama ngakhale pa tsiku lomaliza kusoka diresi. Amene kunalibe: mwana wanga Yohane, amene anati akubwera ndi misomali ndipo mwina akali m'njira, ndi azimayi a mu kwaya yathu, amene manje akuuza Kanyama yonse kuti Amake Lute mutu wakalamba. Inu a kwaya, khalani pansi, lero woyimba ndine.

Mphepo ya mvula yoyamba inanyamula malata a chipinda changa, obiriwira aja, amene malemu amuna anga anapaka penti ndi manja awo. Madzi a mu Kanyama mukuwadziwa, amabwera cha pansi osagogoda. Tsopano ena anayamba kubwera cha kumwamba, ine pakati ngati kapenta wonyikidwa m'mbale. Tinafuna malatawo komboni yonse, osawapeza, mitambo nayo ikusonkhananso.

Ndiye kunabwera ba Lameki ndi droni. Kwa osadziwa, ndi kandege kokwana m'beseni, kokhala ndi kamera, kamene mkamwini wanga amaseweretsa Lamulungu pamene amuna anzake akusakira ana ndiwo. Anagwada patali, maso pansi, ulemu wochita kudontha. "Amayi, aka kazaona malata yanu kuchokera kumwamba." Anakaulutsa. Kanadzuka, kanadzandira ngati kamwa kachasu, kanagunda khoma la chimbudzi, kanabwerera m'mbuyo, kanaligundanso kuti katsimikize, n'kukhala pansi. Pa foni yawo yokayendetsera panatuluka zolemba zofiira.

"Ah, masensa yafa," anatero ba Lameki, ndi chisoni chimene chinafika pankhope msanga kwambiri. Masensa, ati, ndi timaso ting'onoting'ono, tina kutsogolo tina kumimba, timene kandegeko kamaonera khoma ndi pansi. Kuti tiwongoke, ati, umakaonetsa madontho pa laputopu uku ukukapendeketsa pang'onopang'ono. Anatsegula laputopu, batire yatha. Malaiti anali atapita kumene amapita masiku onse. "Basi amayi, tayesako."

Tayesako! Ine amene ndinachotsa mchenga m'maso mwa ana anga onse ndi lilime, ine amene ndinawongola maso a mbuzi ku Katete pongoikalipira, andiuze kuti tayesako? Ndinati Lute, landira kanthuko kwa amuna ako undipatse, poti mkamwini sapereka chinthu m'manja mwa apongozi.

Ndinakagoneka pamiyendo ngati khanda, ndipo matenda ndinapeza atatu. Oyamba, manthongo. Ndinapukuta timaso ndi nsonga ya duku, ndipo munatuluka utuchi wa ku shopu ya ba Lameki, utuchi osati pang'ono, unadzaza beseni, unadzaza ndowa, ba Esinati anapempha wina wokayatsira mbaula, ndipo pomalizira munatuluka mphemvu ndi mkazi wake ndi katundu wawo, akudandaula kuti sanapatsidwe notisi. Mukumva? Achiwiri, maso olowana: lina likuyang'ana ku Matero, lina ku Chawama, ndiye khoma lili pamphuno kakalione bwanji? Achitatu ndiwo anali aakulu, ndipo laputopu sikanawapeza ngakhale malaiti akanakhalapo: kanali ndi manyazi a upongozi. Ndikakayang'ana, iko timaso kumbali. Ndikakatembenuza, timaso pansi. Kanatengera mwini wake. Ndinakauza kuti iwe, sunakwatire mwana wanga, ndiyang'ane. Kanandiyang'ana.

Madontho a pa laputopu si chinthu cha kumwamba. Ndinatulutsa chitenge changa choyera cha madontho akuda, chimene ndimasungira maukwati a anthu amene ndimawalemekeza, ndiye chikali chatsopano. Ba Yusufu anagwira uku, ba Esinati uku, ba Yusufu akuti, "Kokani imwe amayi, nsalu isakhwinyate." Kandegeko ndinakaika mu lichero, timaso kuloza chitenge, ndinayamba kupeta. Kupendeketsa pang'onopang'ono kumene mkamwini wanga amati n'kwa anthu a sukulu, ine ndinayamba ndisanamere mano achiwiri. Kumanzere, kumanja, m'mwamba, pansi, osafulumira, osagwedeza, diso la ku Matero likubwerera, la ku Chawama likukana, ine osaleka, mpaka linalira ngati chitseko cha dzimbiri n'kugwera pamalo pake, kandegeko kanaphethira, kanatulutsa msozi umodzi, kanayetsemula, ndipo zofiira za pa foni zinasanduka zobiriwira. Ndikulumbira pa manda a amuna anga. Ba Yusufu anasiya nsalu n'kutchula dzina la Mulungu. Amene sanakondwe anali mmodzi, mwini kandege, amene thukuta linamuyamba kunja kukuzizira.

Kanauluka. Kanadutsa pakati pa mawaya osakhudza, kanapatukira udzudzu umene unali pa ulendo wake, kanakwera mpaka Lusaka yonse inaoneka pa foni ngati mphasa yoyanikapo chimanga. Vuto linali limodzi: ndinawongola mopitirira. Kanayamba kuona ndi zimene sikanatumidwe. Kanaona poto wanga wamkulu ku Kabanana, ali pamoto kuseri kwa nyumba ya ba Esinati, poto yemwe analumbira akulira kuti anabedwa pamaliro. Kanaona wilibala yanga ku Matero, kwa msuweni wanga amene anaibwereka ya tsiku limodzi Lute asanakwatiwe. Kanatukula diso n'kuona mpaka ku Katete, mbuzi yanga imene abale anandiuza kuti inafa ndi chitopa, ngati mbuzi ndi nkhuku, ili moyo, yonenepa, ikuyenda ndi zidzukulu. Mukumva? Ba Esinati anayamba kufuna nsapato zawo.

Koma ine ndinkafuna malata. Ba Lameki zala zili pa mabatani, akukakhotetsera kumadzulo, kumadzulo basi, ati mphepo inapita uko. Iko kanakana. Diso lowongoledwa ndi ine silinamizidwa. Kanatembenuka kokha, kanadutsa tauni, kanafika ku Chipata komboni, kanaima pamwamba pa yadi imene Lute anaizindikira ndi zovala zake pa chingwe. Kuseri, khola latsopano la nkhuku zoyera. Pamwamba pa khola, malata obiriwira, okhomedwa bwino, mwaukalipentala. Nkhuku zouma, zikudya, zikuseka. Ine apongozi ndikugona ndi ambulera.

Ndipo mpamene ndinamvetsa ulemu uja. Munthu anabwera ndi droni chifukwa ankadziwa kuti ndi yakhungu.

"Bashi Mwiza," anatero Lute, kuitana amuna ake ndi dzina la mwana wawo, mawu ali pansipansi, "si munati munagula ku msika wa Soweto malata aya?"

Ba Lameki anagwadanso, nthawi ino pafupi ndi geti. "Amayi, ni mphepo. Inabwera nayo yeka, inayaika pa khola. Na ine n'nadabwa."

"Na misomali inakhoma yeka?" anafunsa ba Yusufu.

"Inali mphepo yamphamvu maningi."

Mwamva inu a kwaya? Mphepo inanyamula malata mu Kanyama, inawoloka nawo tauni yonse, inadumpha makola a anthu ena onse, inasankha la mkamwini wanga, inayeza, inadula, inakhoma. Zimenezo mwazikhulupirira, poti wonena amavala thalauza ndipo ali ndi laputopu. Koma ine kupeta droni mu lichero, ati gogo wayamba kunama.

Zotsala ndi izi. Poto sanabwere. Wilibala sinabwere. Mbuzi ndi zidzukulu zake zili ku Katete. Malata anabwerako theka, enawo ati adikire nkhuku zikule, zingadwale chimfine. Ndiye mbali ya kumutu kwa bedi langa ndi youma, ya kumiyendo ikunyowabe. Ndipo droni ija ba Lameki anaitsekera m'katoni, anamata timaso take ndi tepi, ndipo pano sibweranso.