Kanema wa Akapitawo

Lolemba

Dziko lonse limve, ndi nkhuku za amayi zomwe: lero ndayamba kujambula kanema. Zida zilipo zokwanira. Foni yong'aluka pakona, kansungwi koigwiriziza, ndi digiri imene yakhala ikupuma m'sutikesi chibwerere ine ku yunivesite.

Nkhani yake ndi ababa. Akupuma pa ntchito. Anayamba kuthyola tiyi pa esiteti ino ndisanabadwe, nakwera mpaka ukapitawo, ndipo Loweruka anzawo akuwakonzera mwambo wotsanzikana. Ndalonjeza kuti pamwambopo padzaonetsedwa kanema. Cholinga changa n'chimodzi, anthu alire. Ku sukulu anatiphunzitsa kuti misozi siigwa yokha, imachita kuitanidwa, ndipo maitanidwe ake ndikuwadziwa:

– kamera ifike pafupi ndi nkhope, makwinya aoneke;
– jambula uli pamwamba, munthu achepe;
– nyimbo yozizira pansi pake, ina yonse itsata.

Vuto ndi loti ababa alibe chisoni. Akuimba mluzu. Mtima wawo uli kale kumunda kwawo ku Chimaliro, kumene akuti akadzala nthochi mpaka anthu akumbukire kuti Thyolo ankadziwika ndi chiyani.

Lachiwiri

Chiperoni chagwa ngati ndachita kuchilemba ganyu. Nkhungu yakuta minda, mitengo ikuoneka theka. Nyengo yolirira yeniyeni!

Ndawapempha ababa avale zakuntchito, chikhoti chakale chija ndi magambutsi. Atuluka ndi suti ya kutchalitchi, tayi, nsapato zowala. Akuti munthu wamkulu sajambulidwa ngati wagwidwa akuba chinangwa. Akangoona foni akuima njo, chifuwa patsogolo, osaphethira. Ndikuwauza kuti aiwale zoti ndilipo.

"Ndakhala ndikuyesa chibwerere iwe," akutero, "koma mbale yako imandikumbutsa."

Amayi othyola tiyi nawonso sakuthandiza. Ndikangotulukira, madengu pansi, kukonza maduku, kumwetulira, wina mpaka kubayibitsa. Ndafunafuna nkhope yachisoni minda yonse. Imene ndaipeza ndi yanga, pagalasi la foni.

Lachitatu

Nzeru yabwera: kubisala. Ndakwera pachulu chakuseri kwa sikelo yoyezera tiyi, ndawajambula asakudziwa akutsika njira ya ku fakitale. Zoona zake n'zakuti akuthamangira thirakitala yonyamula masamba kuti akakalipire dalaivala. Koma zoona si ntchito yanga. Kuchokera pamwamba, akapitawo oopedwa aja ndi kadontho chabe pakati pa minda.

Masana utsi wa kukhitchini wawalowa m'maso ine ndili pafupi. Akutikita, misozi ili mbwe. Mulungu amakonda ojambula.

Zotsalazo ndamalizira pafoni. Ndachedwetsa mayendedwe, wothamanga uja wasanduka nkhalamba yokoka miyendo. Ndachotsa mitundu yonse, kwatsala kuda ndi kuyera. Pamene akuseka ndi anzawo m'Chilomwe ndadula, kuseka kukundionongera ntchito. Thirakitala ndadulanso. Misozi ya utsi ndaiika pambuyo pa njira ija, ndiye zikuoneka ngati akulirira njirayo. Pansi pake kwaya ya amayi, yoimba modekha.

Ndaonera ndekha. Nanenso ndapukuta m'maso, chikhalirecho za utsi ndikuzidziwa. Luso limenelo!

Lachinayi

Wojambula wanzeru amayamba walawitsa. Ndatumiza kachidutswa ku gulu la banja la pafoni, osalembapo kanthu, poti kanema wabwino safuna womufotokozera. Posakhalitsa foni yanga yathima. Magetsi kulibe chiyambire m'mawa, ya ababa ndi ya amayi zinafa kale dzulo.

Palibe chodandaula. Aonere, amve kukoma, andiyamikire mawa.

Ababa tsiku lonse akunola zikwanje ndi kukangana ndi amayi za mpata woyenera pakati pa phando ndi phando.

Lachisanu

M'mawa kulira kukumveka kuchokera kumsewu. Ndi azakhali a ku Luchenza, mlongo wawo wa ababa, ali pa kabaza, ayamba kubuma asanatsike n'komwe. Pambuyo pawo amalume a ku Bvumbwe asenza thumba la kabichi la ndiwo za pamaliro. Akuti mafoni athu aimba usiku wonse osapezeka, ndiye anangodziwa kuti zavuta.

Ndinaiwala chimene mwana aliyense kuno akudziwa. Munthu wamkulu akaoneka pafoni wopanda mitundu, kwaya ili pansi, uthenga wake ndi umodzi basi.

Malemuwo ali kubafa, akuimba. Atuluka ndi thaulo m'chiuno. Azakhali athawira m'tiyi, nsapato imodzi yatsala pakhomo.

Zotsatira zake:

– amayi sakundilankhula;
– amalume akuti kabichi sabwerera nayo, tingodya;
– azakhali, atawakoka m'munda muja, andifunsa ngati zaka zonse zija ndinkaphunzira kupha anthu.

Ndayesa kufotokoza kuti tanthauzo la chithunzi limachokera ku zimene waika pambali pake. Womva palibe. Komabe m'mtima ndikunyada pang'ono. Ndi ojambula angati amene kanema wawo wakwezetsa anthu kabaza?

Ababa aseka mpaka kutsamwa. Akufunsa kuti walira kwambiri ndani, nanga amene sanabwere ndi ati, awadziwiretu. Magetsi atayaka andiitana pakhonde, ati ndiwaonetse imfa yawoyo.

Aonera. Ati ndibwezerenso. Aoneranso, nkhope pafupi ndi galasi. Andibwezera foni ndi manja awiri.

Loweruka

Mwambo wachitika. Kanema sanaonetsedwe, amayi aletsa, ndipo komiti ya mwambo imaopa amayi kuposa mabwana.

Zolankhula zambirimbiri. Mphatso ndi wilibala yatsopano. Anzawo akuwaitana kuti "ouka kwa akufa", wina wawagwira pamkono kuti atsimikize. Ababa akumwetulira, koma mwaulemu chabe, ngati mlendo. Ng'oma za tchopa zitayamba anthu awatsegulira bwalo, poti pa esiteti ino wovina kuposa iwo sanabadwe. Akana. Akuti maondo. Chibadwire sindinawamvepo akutchula maondo.

Pobwerera ine ndikukankha wilibala, iwo ali pambali panga. Tafika panjira ija ya ku fakitale, aima.

"Kodi ndimayenda choncho?"

Ndafotokoza zonse. Chulu, utsi, kuchedwetsa, thirakitala imene ndinadula. Ndawauza kuti luso lomwelo ndingathe kumukalambitsa nalo mwana wa sitandade wani.

"Wachedwetsa, inde," akutero. "Koma miyendoyo ndi yanga. Msanawo sunachite kujambula ndi pensulo."

Lamulungu

Chiperoni chapita, kwacha bwino. Kuwala kotere ku sukulu tinkati n'kwabwino kujambulira nkhani zachimwemwe. Foni ili m'thumba.

Lero tikaweruka kutchalitchi timayenera kupita ku Chimaliro kukaona mokumba mapando. Ababa avula tayi, akhala pakhonde. Akuuza amayi kuti mwina mbali ina ya munda aibwereketse, nthochi zimafuna msana wa mnyamata, munthu azidziwa msinkhu wake. Amayi ayang'ana ine.

Ndafufuza zidutswa zosakonza zija, pamene akuthamanga, tiyi ali wobiriwira, iwo akukalipira dalaivala dzanja lili m'mwamba. Ndawapatsa kuti aone. Akankha foniyo pang'ono ndi chala, ati kanema wanga anamuona kale, ndipo ndi wabwino, sukulu sinapite pachabe.

Aka n'koyamba kundiyamikira pa zimene ndinaphunzira.

Azakhali anamukhulupirira kanema uja kwa usiku umodzi, atakhudza mlongo wawo zinatha. Ababa alibe woti amukhudze kuti zithe. Mbewu za nthochi zimene anaitanitsa zafika madzulo ano pa njinga, zili kuseri kwa nyumba, ndipo sanadzuke kukaziona. Ndazithirira ndine.