Zidole Zanga Sizipita ku Ulaya Sabata Ino

Lolemba

Mwayi wandipeza! Tiwonge, mwana wa achimwene, wabwera kudzationa kuchokera ku Ulaya kumene amagwira ntchito. Waona zidole zimene ndimasoka pakhonde pano pa Bolero, akuti sitolo ina kumeneko ikhoza kumazigula. Abwerera Loweruka, anyamula thumba lathunthu. Chofunika n'chimodzi: chidole chilichonse chikhale ndi chizindikiro cha CE. Zilembo ziwiri basi! Ine wosoka madiresi aukwati ndingaope zilembo ziwiri? Ndazipeta pamsana pa zidole zonse ndi ulusi wagolide, ndi timaluwa m'mbali.

Lachiwiri

Tiwonge waseka mpaka misozi. "Ankhazi, zatowa chomene, zakongoladi, koma si chokongoletsera chimenechi." Akuti chizindikirocho ndi lumbiro lakuti chidole chinayesedwa ndipo sichingapweteke mwana. Zina mwa zoyesa:
utoto usasuluke mwana akayamwa,
maso asathothoke akakoka,
chisayake msanga chikayandikira moto.
Akuti pakufunikanso akatswiri ndi mapepala awo. Zimenezo tiona kutsogolo. Ndiyamba ndayesa ndekha, ndimuonetse mwanayu kuti telala si dzina chabe.

Lachitatu

Utoto. Ndaviika chidole chimodzi m'beseni. Madzi psuu, ngati tapha nkhuku. Wogulitsa nsalu uja analumbira kuti chitenje chake sichisuluka, lero ndamukumbukira m'mapemphero. Chidole ndachiponya kuseri kwa mtsuko, ndisachionenso. Palibe kanthu, mayeso atsala awiri.

Lachinayi

Maso. Ndimagwiritsa mabatani a malaya akale. Ndapatsa bambo a kunyumba kuti akoke pang'ono. "Sindinayambe n'komwe," akutero, batani lili m'manja. Ndawakalipira kuti manja awo anazolowera kumanga fodya. Ndakoka ndekha, thotho! Ndayesa china, thotho! Tsopano theka la zidole likundiyang'ana ndi diso limodzi. Bambo achokapo mwakachetechete, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

Lachisanu

Moto. Ndapita ndi mbaula kuseri kwa nyumba kuti anthu asandione. Tsitsi la chidole ndimapangira ulusi wa matumba a feteleza. Kungoyandikitsa, lawi juu! A NyaMhango oyandikana nafe atulukira ndi ndowa ya madzi, andipeza ndagwira kamunthu kansalu kakuyaka. "Yewo, amama," atero, n'kubwerera chambuyo. Panopa Bolero yense akudziwa kuti ndikulodza munthu, angosiyana pa dzina. Amene amandikongola zigamba ayamba kundipatsa moni ndi manja awiri.

Loweruka

Ndikusesa, ndapeza chidole chonyowa chija. Chamera! Ndimaika nyemba m'matako mwake kuti chizikhala tsonga, ndiye timizu tatulukira m'misoko. Bambo akuti tikachibzale kudimba. Ndapitiriza kusesa.

Tiwonge wakwera minibasi ndi ufa ndi usipa, chidole ngakhale chimodzi ayi. Mtima wandiwawa, ndisaname. Koma pawindo wakuwa kuti andifufuzira koyesetsa zinthu zoterezi, ndipo sitolo ija sikuthawa. Ndatsala ndikumasula ulusi wagolide.

Lamulungu

Kutchalitchi. Pabenchi ya kutsogolo kwanga mayi wabereka mwana, mwanayo wagwira chidole chimene ndinawagulitsa ndekha mwezi watha. Akuyamwa diso. Batani likulendewera pa kaulusi kamodzi, mwana akukoka ndi timano take tiwiri. Nyimbo yandithera pakamwa. Ndachilanda chidolecho, mwana walira mpaka abusa kusuzumira pamwamba pa magalasi. Mayi ake andiyang'ana ngati nkhani ya Lachisanu aimva kale.

Titaweruka ndaima pakhomo, manyazi ndawaika m'chikwama. Ndauza amayi onse kuti amene ali ndi chidole changa abweretse, ndichotsa mabatani, ndipeta maso ndi ulusi, nyemba ndiwaphikira akafuna.

Ulaya adikire kaye. Mawa ndiyamba ndi ana a pa Bolero, pakhosi pawo n'papang'ono chimodzimodzi ndi pa ana a ku Ulaya.