Mafunso Anga Oyezera Nkhawa za Asodzi

Lolemba
Ndafika ku Mbamba Bay ndi mapepala makumi atatu a mafunso oyezera nkhawa za asodzi. Aphunzitsi anga a ku yunivesite akufuna lipoti Lolemba likubwerali, apo ayi ndibwereza chaka. Chaka chathunthu!

Lachiwiri
Kudoko. "Mumagona bwino usiku?" Onse akuti ayi. "Mtima umagunda kwambiri?" Eya. "Thukuta?" Eya. "Masana mumakhala ofooka?" Kwambiri. Anthu makumi atatu, onse nkhawa yoopsa! Komatu akuyankha akuseka, wina mpaka wandigawira mandazi. Sindikumvetsa.

Lachitatu
Ndaimbira aphunzitsi. Akuti, "Dikirani masiku awiri, mukafunsenso anthu omwewo. Muyezo wabwino susinthasintha." Ndajambulitsa mapepala ena. Mphepo ya mwera yayamba, nyanja yakalipa, mabwato onse ali kumtunda.

Lachinayi
Mwera. Asodzi akusoka maukonde, sakuyankhula zambiri. Ine ndalemba kale masamba asanu onena kuti asodzi onse akufunika thandizo msanga. Chakudya sichikulowa.

Lachisanu
Ndafunsanso. Akugona bwino. Mtima uli phee. Thukuta palibe. Onse achira, mayo ine! Ndani wawachiritsa? Ndawerenga katatu, ndaonkhetsa pafoni, ndaonkhetsanso ndi zala. Chimodzimodzi.

Loweruka
Ndaonetsa mapepalawa kwa Mayi Haule, eni nyumba yomwe ndikugonamo, amene amayanika usipa. Aseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. "Mwananga, usipa amagwira usiku ndi nyali. Munthu agone bwanji ali pakati pa nyanja? Mtima ulekerenji kugunda akukoka ukonde?" Kenako kuseka kwatha. "Nkhawa yeniyeni ndi ya sabata inoyi. Masiku anayi osalowa m'madzi, ana adya chiyani? Pepala lakoli lafunsa zimenezo?"
Silinafunse. Manyazi andigwira. Mafunsowa ndinawatenga m'buku la anthu ogwira ntchito mu ofesi, ogona nthawi yake.

Lamulungu
Zomwe ndayeza sabata ino: ntchito ya usiku, kulemera kwa ukonde, mphepo. Zomwe sindinayeze: nkhawa.
Ndawalembera aphunzitsi zoona zokhazokha. Ayankha, "Pole sana, pepani kwambiri. Mukonze mafunso, tionana chaka chamawa."
Basi, chaka chapita.
Mwera waleka. Asodzi akukonza nyali ndi mafuta, akuimba, nkhope zawala. Malinga ndi pepala langa, mawa onse adwalanso.