Nkhondo ya Tsamba Losadziwa Kupepesa

Tcherani khutu, inu a m'badwo uno, mumve za masiku aja pamene fani ya mu ofesi inkazungulira ndi phiko lothyoka, ndipo mitima ya olemba mapulogalamu inkanjenjemera likamayandikira Lachisanu!

M'masiku amenewo kunali Mayi Woyesa, Mphwanya-mapulogalamu, Diso-losaphethira, iye amene ntchito yake inali kulakwitsa dala webusaiti ya kampani kuti aone ngati idziwa kupepesa. Loweruka linali la ukwati wa mng'ono wake, ndipo lamulo linali lakuti webusaiti ikavuta, foni yoyamba kulira ndi yake.

Lachisanu lake, amene anamudzukira anali Mlembi wa Masamba, Chala-chamoto, Mmeza-zolakwa, amene analemba tsamba la pa webusaiti lolandirira maoda kuti kaya kugwe chotani, lizingoyankha kuti: "Zikomo, talandira."

"Achimwene!" anafuula Mayi Woyesa ataima pakati pa madesiki. "Mayeso anga afiira ngati diso la chidakwa! Tsamba lanuli likumeza zolakwa osatafuna!"

"Achemwali!" anayankha Mmeza-zolakwa, osavula mahedifoni. "Kasitomala safuna kumva mavuto athu. Fufutani mayeso anuwo, tiweruke."

Mtima wa Mayi Woyesa unawira, pakuti m'maganizo ankaona kale makasitomala akudikira katundu wosabwera, ndi foni ikulira pakati pa malumbiro. Anaguba kulowa m'kachipinda kozizira ka seva, kompyuta yaikulu ya kampani, nazula chingwe chabuluu cholumikiza webusaiti ndi nkhokwe ya maoda, nabwerera atachikweza m'mwamba ngati mchira wa chilombo.

"Tumizani oda tsopano, tione!"

Anatumiza. Tsamba linayankha mwaulemu wonse: "Zikomo, talandira."

Mmeza-zolakwa anavula mahedifoni, chinthu chimene ngakhale akuluakulu anali asanachionepo, nakonza tsambalo kuti zikavuta lizinena kuti: "Pepani, zatikanika, muyesenso." Mayeso onse ofiira aja anabiriwira, kusonyeza kuti tsamba lakhoza.

Mtendere unalumbiridwa pa mabisiketi otsala pamsonkhano wa mabwana. Chingwe chija anachiveka Mayi Woyesa m'khosi monga mendulo, ndipo magulu onse ankhondo anaweruka akuomba m'manja.

Loweruka, mng'ono wake atangotsegula pakamwa kuti alumbire, foni inalira m'chikwama. Anali abwana.

"Mayi, webusaiti yathu ikupepesa chiyambire dzulo. Ikupepesa bwino kwambiri, aliyense akuyamikira. Mubwere."

Pobweza foni m'chikwama, dzanja la Mayi Woyesa linakhudza chingwe chabuluu chija.