Chithunzi Chimene Chinakafika ku Malindi

"Shhh, pang'onopang'ono, mbalame ili ndi makutu." Ankatero a Chisale, chala pakamwa, khosi patsogolo, mwendo umodzi m'mwamba ngati pansi pali minga, kenako n'kuutsitsa mwaulemu, n'kunyamula winawo. Tsiku lomwelo tonse a pa doko la Monkey Bay tinawatcha a Kakowa, ndipo ine ndinkayenda pambuyo pawo n'kumawatengera kayendedwe mpaka amayi ogulitsa mandasi ankagwira nthiti.

Anali bambo a ku Blantyre, ogwira ntchito yogawa ufa kwa anthu othawa nkhondo kumalire uko, ndiye atapatsidwa tchuthi, m'malo mokaona ana, anabwera kunyanja ndi kamera yaikulu ngati mtondo kudzajambula mbalame. Osati anthu, mbalame. Chimene ankafunitsitsa chinali nkhwazi ikuwakha nsomba pamadzi, koma filimu inali itatsala ya zithunzi ziwiri zokha, ndipo ina akanaipeza kuti, kupatula ku Blantyre komweko?

Tsono ine ndinali ndi vuto langa. Ndinkafuna Asiyatu wa ku Malindi, koma bambo ake, Che Mdala, msodzi wa manja ngati chikopa cha ng'ona, anali atanena poyera kuti mwana wawo sangapite kwa mwamuna woopa madzi. Ine ndinawauza kuti ku Monkey Bay ndimapha chambo. Zoona zake, ndine wa ku Chowe, mwana wa khasu, ndipo padokopo ndinkangosenza matumba a anthu okwera sitima. Ndiye nditamva za kamera, mutu unandiuza kuti, Saidi, chithunzi chimodzi uli chiimire m'bwato, ukwati watheka.

"Bwana, nkhwazi zonse za kuno zimandidziwa," ndinatero. "Ine ndinabadwira m'bwato, mchombo wanga anautaya pakati pa nyanja. Ndalama sindifuna, chithunzi chimodzi cha nkhwazi, chinacho cha ine."

A Kakowa anavomera, ndipo ndinawauziratu kuti akachitsuka achitumize ku Malindi kwa Che Mdala, kuti mkuluyo adzionere yekha. Mwamva nzeru zimenezo?

Bwato ndinakapempha kwa Zuze, bambo wofatsa amene anathawa nkhondo kutsidya, n'kuwoloka ndi banja lonse pa bwato lomwelo. Ndinamunong'oneza kuti, achimwene, inu muzingopalasa, pakamwa mutseke, lero ndinu wantchito wanga. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kungoti, "Chabwino, patrau," ndiye kuti bwana m'kalankhulidwe ka kwawo ku Mozambique.

M'mawa mwake ndinafika nditavala kabudula wobwereka, wamkulu ngati thumba la chimanga, womanga ndi chingwe m'chiuno, kumutu kansalu ngati asodzi enieni. Kungoponda m'bwato, lija linayamba kuvina. Anthu inu, bwanji simunandiuze kuti chinthu chija chilibe pokhala? Umakhala pamlomo pake, miyendo n'kuipanikiza m'kati ngati ukuvala nsapato imodzi miyendo yonse. Ndinagwira m'mbali ndi manja onse, mano gwa, ndipo a Kakowa atafunsa chimene ndinkanjenjemerera ndinati ndikumvetsera mafunde.

Tinafika pafupi ndi miyala ina pamene nkhwazi inali pamtengo, chifuwa mbuu, ikutiyang'ana ngati tabwera kudzaipempha mchere. Tinali ndi utaka wochepa wogula kwa asodzi. Zuze anatenga nsomba imodzi n'kuyamba kuilowetsa kabango kukamwa. Ine osadziwa kuti kabangoko ndi kamene kamayandamitsa nsomba kuti nkhwazi iione, ndinamulanda.

"Iwe, mbalame ya bwana idye bango? Zakwanu zimenezo."

Ndinasolola kabangoko n'kuponya. Nsomba ija inangoti chubwi, n'kumira, osatsanzika. Ndinaponya ina, nayonso inatsatira mnzake. Nkhwazi inatembenuka n'kutipatsa msana.

"Imafuna kuitanidwa ndi mwini wake," ndinatero, ndipo apa ndiye ndinali pa ntchito yanga yeniyeni, chifukwa kutengera mawu ndiye mphatso imene Mulungu anandipatsa. Ndinagadamitsa mutu n'kulira, kwiii, kyo kyo kyo, mokoma mwakuti a Kakowa anatembenuka ndi kamera yonse kufuna kundijambula kukhosi. Kumtunda amayi ochapa anasiya zovala n'kuimirira. Ana anayamba kundiyankha. Nkhwazi yokha ndi imene sinamve kanthu.

Inatsala nsomba imodzi, ndipo a Kakowa anali atayamba kupukuta galasi la kamera mwa munthu amene akuganiza zobwerera. Ndinaona ukwati wanga ukumira ngati utaka uja. Ndiye ndinati, ngati vuto ndi kumira, tiimange. Chingwe ndichipeza kuti pakati pa madzi? Ndinamasula cha kabudula. Zuze anatsegula pakamwa, ine n'kumuloza chala, iye n'kutseka. Ndinamanga nsomba kumchira, mbali ina ya chingwe kudzanja langa, dzanja linalo litagwira kabudula, kenako ndinaimirira, eti kuti bwana akamajambula nkhwazi aone kuti ndine wokonzeka.

Nditaponya, nsomba inagwa pafupi, chingwe chinali chachifupi. Ndipo nkhwazi inabwera.

Abale anga, chinthu chija mukamachiona pamtengo mumati ndi mbalame. Chikamabwera kumaso kwanu ndi chitseko cha mzikiti chili ndi zikhadabo. Mphepo ya mapiko inandimenya kumaso, ndinaona maso ake, ndinaona imfa yanga, ndipo ine wobadwira m'bwato ndinakuwa ngati nkhuku yaona kabawi, "Amayi ineee!" Manja onse m'mwamba. Kabudula pansi. Nkhwazi inakoka nsomba, chingwe chinakoka ine, bwato linandikana, ndipo ndikupita m'madzi chamutu ndinamva kamera kuti tcha, kenako tcha.

Ndinamwa nyanja, ndinaitana makolo anga onse a ku Chowe mayina awo, ndinalapa machimo ngakhale a anthu ena, mpaka ndinamva mawu a Zuze, ofatsa ngati akufunsa nthawi. "Patrau, imirirani." Ndinaimirira. Madzi analekeza m'chiuno, ndipo ndinathokoza kuti anafikako, chifukwa kabudula anali atapita ku Mozambique. Ndinatuluka nditavala kansalu ka kumutu kaja, amayi ochapa akuombera m'manja.

A Kakowa sanaseke. Anati chithunzi cha nkhwazi chikhala chabwino kuposa chimene ankalota, ndipo lonjezo ndi lonjezo. Ndinawapempha kuti changacho achiotche, koma zikuoneka kuti anamva ngati ndikuchita manyazi aulemu.

Kuchokera tsiku limenelo ndinalumbira, walahi, mbalame yoposa nkhunda sindidzaiitananso, ndipo chingwe cha kabudula ntchito yake ndi imodzi basi.

Patapita nthawi ndinapita ku Malindi nditavala mkanjo woyera, ndikuganiza kuti mwina positi inachita chifundo n'kutaya katundu. Ndinapeza Che Mdala ali pakhonde ndi asodzi anzawo akusoka ukonde, chithunzi chikuyenda dzanja ndi dzanja. Pamwamba nkhwazi, yokongola ngati ya pa ndalama. Pansi miyendo iwiri yoloza kumwamba, ndi zina zimene mpongozi sayenera kuona.

"Che Saidi," anatero mkuluyo osakweza mutu, "tatiuzeni, kaphedwe ka chambo kameneka ndi ka ku Monkey Bay?"

"Ambuje, pamenepo ndinkadumphira ukonde umene unakodwa pamwala. Ife akatswiri timavula kuti..."

Asiyatu anali pakhomo ndi thireyi ya tiyi. Anaiika pansi bwinobwino.

"Ababa, musawavutitse. Awa ndi a khasu, madzi amawadziwira m'ndowa. Ndinadziwa tsiku loyamba, atafunsa ngati usipa ukakula umasanduka chambo. Apatseni munda uja wa kuseri, kunyanja angatichititse manyazi kawiri."